Paipi ya M'khoma

Ku nyumba zosanja za ku Jemo, mu Addis Ababa, madzi amabwera tsiku limene afuna okha, ndipo amayambira pansi. N'chifukwa chake Bambo Zewdu, telala wa pansi penipeni, akangomva mpope wawo ukutsokomola ankatenga supuni n'kugogoda paipi yachitsulo yokwera m'khoma. Pamwamba pawo Mayi Askale ankayankha ndi mpeni, n'kuyamba kutchera migolo. Wina anafedwa mkazi, wina mwamuna, koma akakumana pa masitepe ankangopatsana moni wouma. Macheza awo onse anali a m'paipi.

Tsiku lina Mayi Askale anathamangira ku maliro a mlamu wawo ku Debre Berhan. Mpope wa kubafa anausiya chitsegulire, monga achitira aliyense madzi akasowa. Madziwo anabwera masana. Bambo Zewdu anagogoda, sanamve yankho, n'kupita kukagula ulusi. Pobwerako anapeza kudenga kukuchucha, madiresi oyera a eni ake, osokera chikondwerero cha Timkat, atathimbirira onse, makina osokera ali m'thamanda.

Mayi Askale atabwerako, wapampando wa komiti ya nyumbayo anawakhazika pansi.

"Inshulansi ya tonse ija imalipira za tonse basi: denga, masitepe, mapaipi a m'khoma. Mpope ndi wanu, mayi. Yanuyanu ija munadula?"

"Ine ndimasonkha ku bungwe lathu la maliro."

"Amenewo adzakugulirani bokosi, osati madiresi a eni."

Mayiwo sanaseke. Chogulitsa analibe, kupatula nyumba yomweyo, imene anaidikira pa maere a boma mpaka imvi kumera. Anachita mantha, ndipo anachita manyazi, moti masiku amenewo ankatsika masitepe monyang'ama podutsa pakhomo la telalayo.

A kampani ya inshulansi anatumiza mayi wina wamagalasi kudzaona. Anayendera zipinda zonse ziwiri, kenako anafunsa Bambo Zewdu pamaso pa onse.

"Bambo, inu ndi amene mwawonongekeredwa. Madziwa anachokera kumpope kapena m'khoma?"

Mayi Askale anangoyang'ana zala za kumapazi. Ankamudziwa munthuyo: telala yekhayo mu Addis Ababa amene akati Lachisanu, limakhaladi Lachisanu.

"M'khoma," anatero Bambo Zewdu. "Paipi imeneyi ndaimvera zaka zambiri. Inatopa kalekale."

Wamagalasi uja anapala paipiyo ndi kiyi, dzimbiri n'kuyoyoka. Anagwedeza mutu n'kumapita.

Kampani inalipira, nyumba ya Mayi Askale inapulumuka. Pa masitepe anayesa kuthokoza, koma telalayo anawadula pakamwa.

"Musayambe, aneba. Ndasala kale kudya chifukwa cha bodza limenelo. Muzingotseka mpope."

Koma kampani sitaya ndalama kawiri pa dzenje limodzi. Inalamula kuti paipi yotopayo ichoke. Amisiri anabwera, anagumula khoma, anazula chitsulo chonse n'kuikamo paipi yapulasitiki yobiriwira. Anthu a m'nyumbamo anayamikira kuti tsopano zinthu zalongosoka.

Madzi anasowanso monga mwa masiku onse. Mmawa wina Mayi Askale ali kukazinga khofi anamva zidebe zikulira kwa aneba, kusonyeza kuti madzi abwera, chonsecho kukhoma kwawo kuli zii. Anaganiza kuti telalayo wawataya, ndipo mumtima anati n'zoyenera. Anapita kubafa kukatchera mgolo, n'kutsamira dzanja pa paipi yatsopanoyo.

Inkanjenjemera pang'ono, n'kuleka, n'kunjenjemeranso. Pansipo munthu anali kugogoda.

Anathamangira mpeni n'kumenya paipiyo. Inangoti phu, ngati wamenya dzungu. Anamenyanso mwamphamvu, chimodzimodzi. Anabwezera dzanja pa pulasitikiyo, mgolo ukudzaza pambali pawo.

Pansipo supuni inali isanaleke.