Zilembo Zitatu Zosatchulidwa

A Jailosi sanapemphe kuphunzitsa Chifalansa. Iwo anali mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Guilleme. Koma mu 1999, mwini phunzirolo atapeza ntchito ku Lilongwe, ahedi anangowaponyera buku lothothoka chikuto.

"Inu mumatha kuphwanya mawu m'maphatikizo," anatero ahediwo. "Chifalansa n'chimodzimodzi."

Kaseti ya bukulo inali itasowa kalekale. A Jailosi analimbana nalo okha zaka ziwiri. Pabolodi ankalemba *ils parlent*, kutanthauza kuti akuyankhula, n'kumadula mneniyo ndi choko monga amadulira mawu a Chichewa: pa-ri-le-nti. Kalasi yonse inkayimba pambuyo pawo, "Ilisi parilenti!" Wakhama kuposa onse anali Luwiza wa Folomu 4, yemwe ankafuna kudzakhala womasulira.

Tsiku lina masana lole ya ku Congo inafera pamsewu pafupi ndi sukulu. Dalaivala wake sankamva Chichewa kapena Chingerezi, koma Chifalansa. Ahedi anatenga a Jailosi ndi kalasi yawo, kukaonetsa anthu kuti sukulu yawo si yamasewera.

Luwiza analoza anzake, nati mokweza, "Ilisi parilenti furankaisi!" Ankatanthauza kuti anzakewo amayankhula Chifalansa.

Dalaivala anatchera khutu. Luwiza anabwereza. Bamboyo anangopukusa mutu. Kenaka mtsikanayo analemba mawuwo papepala. Dalaivala atawerenga anaseka mpaka kutsamira tayala. Anaphimba zilembo zitatu zomaliza za mneniyo ndi chala chake cha girizi.

"Il parl," anatero. Anabwerezanso pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa khanda. Mneni yense uja anali phatikizo limodzi lokha.

Anthu amene anasonkhana, ngakhale osadziwa A, anafa nalo phwete. A Jailosi atacheuka anapeza ahedi akuuza anthu kuti vuto la masiku ano ndi aphunzitsi osaphunzira mokwanira.

Luwiza sanalire. Anapinda pepala lija, n'kuwayang'ana m'maso.

"Aphunzitsi, mayeso ndi mwezi wamawa. Chimene mwatiphunzitsachi amayankhula dziko liti?"



Lolemba a Jailosi anakapempha kuti awachotse pa phunzirolo. Ahedi anati palibe wina. A Jailosi atalowa m'kalasi anapeza malo a Luwiza ali opanda munthu; anali atasiya Chifalansa. Analemba mneni watsopano pabolodi, ana n'kukoka mpweya kuti ayimbe.

"Ingokoperani," anatero a Jailosi. "Musatchule."