Khomo la Kuseri

Galimoto yahayala itangowatsitsa pabwalo la hotela, a Chimphona anayamba ndi kuvula jekete. Anaipinda bwinobwino n'kuiika pamiyendo ya akazi awo, kenaka anakwinya manja a malaya mpaka m'zigongono monga ankachitira chaka chilichonse. Akazi awowo, amene anthu anazolowera kungowatchula kuti Atelala chifukwa cha ntchito yawo yosoka, anakhala phee panjinga yawo ya olumala, maso ali pamasitepe.

Hotelayo inali nyumba yamiyala yakalekale, kutali ndi tauni, pakati pa minda ndi mitengo italiitali. Masitepe ake akumaso anali atadyeka pakati ndi mapazi a anthu. Awiriwa anagona m'menemo sabata ya ukwati wawo, ndipo kuyambira pamenepo ankabwerako tsiku la ukwatilo likakwana. Zaka zoyambirira ankakwera masitepewo mothamangitsana. Itachitika ngozi ya basi imene inapha miyendo ya Atelala, a Chimphona ankawanyamula m'manja kuchokera pansi mpaka pakhonde, antchito akutsatira m'mbuyo ndi njinga. Dzina la Chimphonalo analitengera kumacheka a matabwa, kumene ankasenza okha chipika chimene anzawo ankachita kuitanizana.

Koma chimphona nachonso chimakalamba. Dokotala anali atawauza kuti msana wawo watopa, ndipo akadzanyamulanso cholemera mwina sadzaimanso. Iwo anabisa nkhaniyi. Anagula lamba wa msana n'kumamuvala mkati mwa malaya, kenaka anapempha akazi awo kuti awafutukulire mathalauza, ati anenepa. Kunamiza telala za m'chiuno n'kutaya nthawi chabe. Komanso mwana wawo wamkazi, amene anawaperekeza kuchipatala, anali ataulula kale zonse kwa mayi ake. Atelala anafutukula mathalauza aja osanena kanthu, koma ulendo wonse wobwera kuhotela mtima wawo unali m'mwamba.

A Chimphona asanawerame, pamasitepe panatsika mayi wachitsikana, woyang'anira hotela watsopano.

"Takulandirani, amayi ndi abambo," anatero akugwira m'manja mwaulemu. "Antchito andiuza kuti ndinu alendo athu akale. Chaka chino musavutike, takonza njira ya njinga."

A Chimphona anayang'ana uku ndi uku. "Ili kuti?"

"Kumaso kuno anatikaniza. Oteteza nyumba zakale akuti tisasunthe ngakhale mwala umodzi. Ndiye taizungulitsa cha kumbali uku. Imadutsa m'maluwa n'kukalowera khomo la pafupi ndi khitchini."

"Kukhitchini?" A Chimphona anafunsa mwapang'onopang'ono. "Mwana wanga, mayi awa ndinawalowetsa pakhomo ili atavala zoyera. Si thumba la makala awa kuti azikalowera kuseri."

"Thumba la makala ndi limene amachita kulinyamula, abambo," anatero Atelala. "Lolowa lokha munalionapo kuti?"

Woyang'anira uja anabisa kuseka ndi dzanja, koma posachedwa manyazi anamugwira.

"Abambowa sakulakwa," iye anati. "Nanenso ndimafuna ikhale kumaso kuno. Ndinayesetsa, koma zinakanika."

A Chimphona anawerama, nalowetsa dzanja limodzi kunsi kwa mawondo a akazi awo, lina kumsana. Atelala anamva mpweya wa amuna awo ukudukiza, ndipo anaona thukuta litatuluka kale pamphumi asanayambe n'komwe kunyamula. Anagwira zitsulo za njinga zolimba.

"Tasiyani njingayo, amayi."

"Lamba uja mwamumanga?" anafunsa Atelala chapansipansi, kuti woyang'anira asamve.

"Lamba wanji?"

"Amene wakunenepetsani uja."

A Chimphona anachotsa manja awo pang'onopang'ono. Kuweramuka kunawatengera nthawi, ndipo nkhope yawo inaulula zimene pakamwa pankabisa.

"Mwana wathu uja pakamwa pake sipatsekeka," anang'ung'udza. "Koma zaka zonsezi ndinayamba ndakugwetsanipo?"

"Simunandigwetsepo, ndipo ndikuthokoza. Koma tsoka silinunkha. Mukandigwetsa ine, miyendo inapita kale. Nanga wanuwo msana ukathyoka, m'nyumba mwathu muja mukhala njinga ziwiri? Shuga wa pashelefu yapamwamba azititsitsira ndani?"

Iwo ankafuna kuti amuna awo aseke, koma a Chimphona sanaseke. Anali ndi mantha, ndipo mantha ake sanali a msana. Tsiku la ngozi ija iwo kunalibe, ndipo m'chipatala sanathe kuchita kanthu koma kungokhala pambali pa bedi. Kunyamula ndi kumene ankadziwa. Masitepe amenewa ndiwo anali malo amene anthu onse ankaona kuti mayiyu ali ndi mwamuna.

"Ndikasiya kukunyamulani," anatero, "ntchito yanga ikhala chiyani?"

Atelala anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anangotenga jekete ija n'kuwapatsira.

"Valani, kukuzizira. Kwerani masitepe anuwo, tikumana pamwamba."

Anatembenuza njinga n'kulunjika kumbali kwa nyumba, mateyala akulira pa timiyala. Woyang'anira anathamanga kuti akawakankhe, koma iwo anakana.

"Ingondilondolerani, mwana wanga. Mikono iyi imapukusa makina tsiku lonse."

Njirayo inali ya simenti yatsopano, yotambalala bwino, yokwera pang'onopang'ono, ndipo penapake panali mapazi a galu amene anapondapo isanaume. Inadutsa m'maluwa, kenaka pansi pa zingwe zoyanikapo nsalu za pabedi. Chakutsogolo kunali migolo ya zinyalala, ndipo fungo lake silinkafuna kufunsa. Pakhomo penipeni panali bokosi la kabichi litatseka njira yonse.

"Wophika ali kuti?" anafunsa Atelala.

Wophika anasuzumira, mpeni uli m'manja.

"Achimwene, njirayi ndi yanga. Si shelefu."

"Pepani, amayi. Chiikonzereni sipanadutse munthu, ndiye tinangoizolowera." Anakoka bokosi lija mofulumira, woyang'anira akuyang'ana pansi.

Atelala analowa. Khitchini inali kumanzere, mapoto akulira, nthunzi ili tolo. Kutsogolo kunali kanjira ka matabwa onyezimira, zithunzi zakale zili m'makoma. Zithunzi zimenezo anali asanazionepo, pakuti kumbali imeneyi alendo sankafikako. Anakumbukira mmene ankalowera zaka zonsezi, nkhope ili pachifuwa cha amuna awo, dzanja limodzi likukokera siketi kuti isavundukuke, alendo akhonde akuyang'ana kumbali mwachisoni. Sanadandaulepo, chifukwa m'manja amenewo munali chikondi. Koma lero anali akulowa okha, pa liwiro lawo, akuima pamene afuna. Anakondwa kwambiri, mpaka anachita manyazi ndi kukondwako.

Anadutsa malo olandirira alendo, natulukira pakhonde kudzera khomo lalikulu lija. A Chimphona anali asanafike. Anali pakati pa masitepe, jekete ili paphewa, dzanja litagwira chitsulo cha m'mbali chimene zaka zonsezi sanachikhudzepo. Ankakweza phazi limodzi, n'kupumira, kenaka linalo. M'manja munalibe kanthu, komabe masitepe ankawavuta.

Atelala anayandikira m'mphepete, namanga mabuleki a njinga.

"Takulandirani, abambo," anatero. "Mwayenda bwanji?"

A Chimphona anakweza maso. Anafuna kukwiya, koma mpweya wokwiyira unali utawathera. Pa sitepe yomaliza chitsulo chija chinali chitatha, ndipo akazi awo anatambasula dzanja. Anazengereza pang'ono, kenaka analigwira.

Pa chakudya cha masana a Chimphona anangodandaula kuti mchere wachepa ndiponso kuti mipando yakale ija inali yabwino kuposa iyi. Atelala anawasiya. Ankadziwa kuti munthu akamakalipira mchere ndiye kuti chikumupweteka ndi china.

Dzuwa litapendeka, Atelala anati akufuna kukaona maluwa aja bwinobwino. A Chimphona anadzuka, ndipo mwachizolowezi anazungulira kumbuyo kwa njinga n'kugwira zogwirira. Pamphambano ya tinjira ta m'nyumbamo anaima. Kumanja kunali khomo lalikulu ndi masitepe, kumanzere kunali kukhitchini.

"Tilowera uku," anatero Atelala akuloza kumanzere. "Koma musandikankhe."

"Kunyamula mwandiletsa, kukankhanso mukundiletsa?"

"Chichitikireni ngozi ija ndimangomva mawu anu kumbuyo kwa mutu wanga, ngati wailesi. Mwachita imvi ine osaona. Tabwerani pambali pano ndizikuonani. Njirayi ndi yotambalala, tikwana."

A Chimphona anasiya zogwirira zija. Anaima pambali pa njinga, manja akusowa pokhala, mpaka anaika limodzi paphewa la akazi awo. Anadutsa pakhitchini, wophika n'kuwapatsa moni. Atafika pa migolo ya zinyalala, a Chimphona anakwinya mphuno n'kuitana woyang'anira, amene ankawerenga nsalu pazingwe.

"Mwana wanga, migolo iyi ichoke pano. Pakhomo pathu sipangamanunkhe chonchi."

"Ichoka lero lomwe, abambo."

Atelala anamva bwinobwino mawu akuti pakhomo pathu, koma anachita ngati akuyang'ana mapazi a galu aja. Anayamba kutsika njirayo awiriwiri. Atayenda pang'ono, anamva dzanja la paphewa lija likulemera. Amuna awo anali atayamba kuwatsamira, mwina osadziwa n'komwe. Atelala anangogwira mateyala n'kuchepetsa liwiro.