Ludzu la Fauziya

Matenda a impso amakugoneka dzuwa likuswa mtengo. Ine Zubairu, telala wa pakhonde la sitolo ku Balaka, ndimasinza singano ili m'manja, ndipo ndikangotseka maso ndimaona madzi. Mtsinje wa Shire umanyamuka wokha ku Liwonde, n'kudutsa mumsika mwakachetechete, n'kudzaima pamapazi anga. Ndikati ndiwerame ndimwe, ndimadzidzimuka. Madokotala amandilola kabotolo kamodzi patsiku, chifukwa madzi akalowa mwa ine satuluka. Amangodikira makina otsuka magazi a ku Blantyre.

Anandiuza kuti njira ilipo, impso ya m'bale. Opaleshoni yake ndi ya ku India, koma sakutumiza usanayezedwe, iwe ndi wokupatsayo. Mchemwali wanga Fauziya, wogulitsa mpunga ku Nayuchi, sanandifunse n'komwe. Anangokwera sitima n'kutsika ku Balaka ndi kachikwama, ngati wabwera kudzabwereka lichero.

Kuchipatala ku Blantyre magazi athu anagwirizana. Mtima anamupima, pachifuwa anamujambula, zonse bwinobwino. Mu minibasi pobwerera ndinkalota ndili maso. India ndinkamuona ngati dambo lalikulu la mpunga, anthu akuyenda pang'onopang'ono m'madzi olekeza m'mawondo.

Zotsatira zomaliza ndi zimene zinasokoneza zonse. Akuti impso za Fauziya zikuoneka zotopa. Ndinapsa mtima. Zotopa, munthu wosenza yekha thumba la mpunga? Namwino wina, a Dorica, anamutungira madzi kuti mtima ukhale pansi, koma iye anakana.

"Ndafunga," anatero Fauziya.

"Ramadani inapita kalekale, mayi," anadabwa a Dorica.

Apa m'pamene zinaululika. Tsiku lokwera sitima lija, Fauziya analonjeza kwa Allah kuti azisala tsiku ndi tsiku, osadya osamwa mpaka dzuwa kulowa, kufikira atandipatsa impso. Mu Okutobala! Kutentha kwa ku Balaka kuno, koti ngakhale abuluzi amabisala! Magazi aja anamutenga thupi litauma gwa. A Dorica anati amuyezanso sabata yotsatira, koma azimwa madzi usana wonse. Zikatulukanso choncho, nkhani ya ku India yathera pomwepo.

Titafika kunyumba Fauziya anakanitsitsa. "Iyayi, achimwene. Ndinalonjeza. Ndikaphwanya, Mulungu atiyang'ana ndi diso lanji?"

Ndinakalipa. Mkazi wanga anachonderera. A Shehe anabwera pa njinga kudzamuuza kuti akadyetsa osauka lonjezolo limasuka. Iye anakanabe, milomo itang'ambika. Ndinkamukonda, ndinkafunanso kumugwedeza mpaka mutu ubwerere m'malo mwake. Ndipo ndinene zoona, ndinkaopa kufa.

Tsiku lina masana tinakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango. Mphepo kunalibe, masamba ali zii. Ndinasinza, madzi aja n'kubweranso, ulendo uno akutsika m'nthambi, akundinyowetsa mapewa koma osandifika pakamwa. Nditatsegula maso ndinapeza Fauziya akundiyang'ana, misozi ili m'maso.

"Mumanyambita milomo mukagona," anatero. "Nanga ine ndingamwe bwanji, achimwene, inu muli chonchi? Madziwo angatsike?"

Ndinatenga kabotolo kanga ka tsiku limenelo, ndisanalawe ndi dontho lomwe, n'kukhuthulira m'kapu.

"Awa si madzi anu, achemwali, ndi anga. Ine pomwera ndilibe, ndibwerekeni pakhosi panu. Tchimo likakhalapo ndisenza ndine."

Anaigwira kapuyo nthawi yaitali. Kenako ananong'ona Bismillah, n'kumwa. Ndinamva madzi akutsika pakhosi pake, ndipo Wallahi, kukhosi kwanga kunazizira.

M'mawa mwake anaphikira mpunga osauka a kumzikiti, ndipo sabata imeneyo anamwa madzi mpaka mkazi wanga kudandaula za mzere wa kumjigo. Anamuyezanso. Foni inandipeza ndikusoka yunifolomu ya mwana wasukulu. Tavomerezedwa, ndipo adzatenga impso ya kumanzere.

Tsiku la ndege sitikulidziwa. Ine ndikadali ndi kabotolo kanga, ndipo ndimasinzabe pamakina osokera. Fauziya wakana kubwerera ku Nayuchi, akuti ali ndi katundu wa mwini woti asunge. Masana amakhala pafupi nane pakhonde, jagi ili pambali. Akathira madzi m'kapu amadzisisita m'nthiti kumanzere, n'kunena motsitsa mawu:

"Imwani, achimwene."