Masitepe Khumi ndi Awiri a ku Khonsolo

Mayi wina wosoka zovala, amene anzake ankangomutchula kuti Singano, anapita katatu ku khonsolo kukatenga chiphaso cha shopu yake, katatu konse n'kubwerera pakhomo. Ofesiyo inali pamwamba pa masitepe khumi ndi awiri, pomwe iye ankayenda pa njinga ya olumala. Kalaliki ankafuna kuti Singano asaine pamaso pake, koma kutsika ankakana.

Achimwene ake anamulangiza kuti asavute anthu, angolola alonda amunyamule.

"Achimwene, ine si thumba la simenti," anatero Singano. "Anandinyamulapo kwina, diresi n'kukwera m'chiuno anthu akuona."

Anakadandaula kwa aphunzitsi ena osaona amene anapuma pantchito. Iwo anamufotokozera kuti ali mnyamata anakanidwa sukulu, ndipo iwo ndi anzawo anakhala pageti masiku asanu ndi anayi mpaka analembedwa. Anamuuza kuti alembe kalata yofunsa njira yotsetsereka ya njinga, adziwitse apolisi za tsiku lokaipereka, asatukwane munthu, komanso asapite yekha.

"Chifundo chimatha wochichita akatopa, mwanangu. Iwe ukafunse zako."

Lolemba m'mawa anasonkhana pakhonsolo anthu makumi atatu: a ndodo, a njinga, osamva, ndi aphunzitsi aja patsogolo. Bwana wa khonsolo anatumiza mawu akuti ali pamsonkhano. Dzuwa litafika paliwombo, Singano anatsika panjinga, analuma kalata ija, n'kuyamba kukwawa. Pa sitepe yachisanu mawondo anali atasupuka. Mlonda anathamanga kuti amunyamule, koma achimwene aja, amene anabwera kudzamubweza kunyumba, anamugwira mlondayo dzanja.

"Musiyeni mlongo wanga afike."

Ena asanu ndi mmodzi anasiya ndodo zawo n'kumutsatira. Msewu wonse unaima. Bwana uja atatuluka anasowa poyang'ana, ndipo anachita kunjuta kuti alandire kalatayo.

Sabata yomweyo tebulo la kalaliki linatsitsidwa pansi, Singano n'kusaina chiphaso chake. Njira yotsetsereka ya njinga inachedwa miyezi isanu ndi iwiri, koma gululo linkabwera Lolemba lililonse kudzafunsa. Itamangidwa inapezeka yokwera kwambiri moti njinga inkabwerera chambuyo. Gululo linaikana. Amisiri anaigumula, ndipo pomanganso wogwira tepi yoyezera anali Singano.

Phunziro: Munthu waulumali ali ndi ufulu wolowa yekha pomwe anzake akulowa. Mukamangira anthu malo, yambani mwafunsa eni ake.