Mpando Wometerapo

Mlamu wake anali atagwira kale mpando wometerapo, akuuyesa kulemera kwake, pamene mayi wamasiyeyo anatulukira kuseri kwa katani.

"Wogula ndamupeza, alamu. Mpando, galasi ndi makina omwe. Abwera masana."

"Ndinakutumani?"

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sabata yatha mukutsegula muno. Mwameta angati?"

Mayiyo anali asanamete ndi mmodzi yemwe. Abambo amene malemu mwamuna wake anawameta zaka khumi ndi ziwiri ankangosuzumira pakhomo, kupepesa maliro, n'kupitirira ndi tsitsi lawo.

"Palibe mwamuna angapereke mutu wake kwa munthu wamkazi," mlamuyo anatero, mosakalipa. Nayenso maso anali ofiira. "Ndiponso munaphunzirira kuti?"

"Pamutu pa achimwene anu. Miyezi isanu ndi itatu ali gone. Inu pobwera kudzazonda, n'kumati lero akuoneka bwino, mumayesa ankadzimeta okha?"

Mlamuyo anausiya mpandowo.

"Khalanipo," mayiyo anatero. "Mutuwo ukuchita ngati chisa cha khwangwala. Ndikakuonongani, munyamule zonse."

"Makutu ndili nawo awiri okha, alamu."

"Limodzi likwana. Ndi kale lomwe simumva."

Mlamuyo anakhalapo. Mayiyo anamumanga nsalu m'khosi, n'kuyatsa makina. M'mbali munayenda bwino. Koma atamuweramitsa, anaona nkhongo: tsitsi lopendekera kumanzere, makwinya awiri pakhosi, chimodzimodzi malemu. Ana a mimba imodzi. Dzanja linafooka, makina analuma, ndipo kuseri kwa khutu kunatsala chigamba choyera.

Anazimitsa makina. Panja panadutsa njinga, belu likulira.

"Mwandiononga?"

"Ndakuonongani."

Mlamuyo anayang'ana pagalasi, osati mutu wake koma nkhope ya mayiyo. "Ndiye ndinyamule?"

Kuvomera kukanakhala kosavuta. Mayiyo anali atatopa, kutopa kosatha ndi tulo. Akanatseka chitseko, n'kupita kukakhala pakhonde la azichemwali ake, anthu n'kumamumvera chisoni mpaka atazolowera kumveredwa chisoni. Anapukuta dzanja lake pansalu ija, n'kuchotsa kachipeso ka pamakina.

"Ndinanena ndine, ndabweza ndine. Mpando suchoka. Weramani, ndikumeteni mpala."

"Mpala ine? Akazi anga akandithamangitsa."

"Akakuthamangitsani mubwere, ndikulembani ntchito."

Anamumeta pang'onopang'ono, akuyang'ana nkhongo ija osaphethira. Atatha, mlamuyo anadzisisita mutu wonse, kufunafuna pamene panalakwika. Sanapapeze. Anatulutsa foni m'thumba, anaiyang'ana kanthawi, n'kutuluka nayo panja kukaimbira wogula uja.

Mayiyo anakutumula nsalu. Miyendo inkamuwawa. Anakhala pampandopo, paphewa pali chipeso, n'kutembenukira kuchitseko.