Chida cha Mwezi wa Mawa

A Chikubwera anali atagwada pansi pa tebulo m'chipinda cholembera mayeso, fulashi yosungira mafayilo ili kukamwa, dzanja likufufuza chingwe kuseri kwa kompyuta, pamene foni inalira m'thumba. Analavulira fulashiyo m'manja n'kuyankha. Anali akazi awo.

"Fomu ya tchuthi ija mwapereka?"

"Ndipereka, mayi. Panopa ndili pansi pa tebulo."

"Dzulo munali pansi pa tebulo. Dzana pansi pa tebulo. Kodi ine ndinakwatiwa ndi munthu kapena mphaka?"

"Chikubwera mawa, mayi. Mawa lenileni. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhonoyo ikadzatsegula maso, mdzukulu wanu adzakhala atakwera kale ndege."

Foni inadulidwa. A Chikubwera anakhalabe chogwada kanthawi, mtima ukuwawa, chifukwa mayiwo sananame. Mwana wawo wamkazi anali atabereka miyezi isanu yapitayo, mdzukulu woyamba, ndipo agogo aamunawo anali atangomuona pa foni basi. Kumene ankakhala anawo unali ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Tsopano mkamwini anali atapeza ntchito kunja kwa dziko, ndipo kumapeto kwa mwezi banja lonse linali kusamuka kwa zaka zitatu.

Chimene chinkawamanga miyendo chinali makompyuta 83 a pasukulu yophunzitsa ntchito imene ankagwirapo. Onse ankayendera pulogalamu yotchedwa Linux, ndipo anawaika okha ndi manja awo zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Anali omwazikana m'nyumba zitatu, ina yosanja yopanda chikepe. Pakafunika pulogalamu yatsopano, a Chikubwera ankainyamula wapansi, kompyuta ndi kompyuta. Mphunzitsi akaiwala pasiwedi, wapansi. Purintala ikanyanyala, wapansinso. Nsapato zinkawathera ngati za wogulitsa malonda m'misewu.

Koma panali chiyembekezo. Anthu ena pa intaneti anali kupanga chida, pulogalamu yoti munthu azikhala pampando umodzi n'kumalamula makompyuta onse nthawi imodzi. Anachilengeza zaka ziwiri zapitazo, nati chituluka mwezi wa mawa. Mwezi wa mawawo utakwana anati mwezi wa mawa. Aliyense akadandaula kuti kompyuta yachedwa kukonzedwa, bambowo ankangoti, "Pirirani, chikubwera." Dzina linabadwira pomwepo, ndipo lenileni anthu anali ataliiwala.

Tsopano opangawo anali atatchula tsiku: Lachisanu. A Chikubwera anali atawerengera zonse. Chikatuluka Lachisanu, achiika Loweruka, Lolemba akwera basi, ndipo makompyutawo aziwayang'anira pa foni ali kwa mwana wawo, mdzukulu ali pamiyendo.

Lachisanu anafika kuntchito alonda asanasinthane. Anapukuta tebulo, anakonza mpando, anatsegula tsamba la opanga chidacho. Anawerenga mizere itatu yoyamba, n'kuvula magalasi.

Mayi a ku laibulale anawapeza ali choncho. Anali mayi wa msinkhu wawo womwewo, wosabisa mawu, amene kawirikawiri ankadzikonzera okha makompyuta a kulaibulale akatopa kudikira. Anabwera kudzanena za purintala, koma ataona nkhope ya mnzawoyo anaika mapepala pambali.

"Kwagwanji, achimwene? Mwangoti ndwii."

"Achisunthanso," anatero a Chikubwera. "Akuti apeza zolakwika zina, safuna kutipatsa chinthu chosapsa. Ulendo uno ngakhale tsiku sanatchule."

Mayiwo anakoka mpando. "Pepani. Tsono ulendo wa kwa mdzukulu?"

"Ndipita bwanji, achemwali? Mayeso ayamba sabata ya mawa. Gogo akakana kudzuka, amudzutse ndani? Nanga Chidakwa akagwa pakati pa mayeso?"

Amenewa sanali anthu. A Chikubwera anali atapatsa kompyuta iliyonse dzina molingana ndi khalidwe lake. Gogo ankatenga nthawi kuti ayake. Chidakwa ankazima yekha popanda chifukwa. Nkhutukumve ankafuna kuuzidwa kawiri. Panalinso Apongozi, amene munthu sankawagwira popanda kupempha kaye kwa mwini ofesi. Mayinawo, malo ake ndi mankhwala a nthenda iliyonse zinali m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo palibe ndi pamodzi pomwe pamene zinalembedwa.

Mayi a ku laibulale anatenga mausi n'kutsitsa tsambalo pansi.

"Apa munawerengapo?"

"Pamenepo n'zongodzazira. Ine ndimangoona tsiku."

"Tamverani." Anawerenga pang'onopang'ono, akumasulira. "Akuti pamene mukudikira, konzekerani. Lembani mndandanda wa makompyuta anu onse, dzina, nambala ndi chipinda. Onetsetsani kuti pasiwedi yaikulu ikudziwika ndi anthu osachepera awiri. Chidachi sichidzatha kuyang'anira kompyuta imene simunailembe."

"Aika lero zimenezo?"

"Lero? Ine ndinaziwerenga chaka chatha, tsiku limene munandionetsa tsambali. Zakhala pomwepa chiyambire."

A Chikubwera anavalanso magalasi, n'kuwerenga okha. Zinalidi choncho. Zaka ziwiri akutsegula tsamba limeneli m'mawa uliwonse, maso awo ankathera pa mzere wa tsiku, ngati munthu woyembekezera basi amene sanalonge chikwama.

"Ndiye chikanafika lero, mukanachiuza chiyani?" anafunsa mayiwo. "Kuti chipite kwa Gogo, chikapereke moni kwa Apongozi? Chikanakufunsani kuti Gogo amakhala kuti, inu n'kudzuka kukachilozera wapansi."

A Chikubwera anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa manyazi.

"Ndimati chikabwera chidzalemba chokha."

"Zengerezu analinda kwaukwau, achimwene. Koma ndikufunseni chinthu, musakwiye. Kangati ndakupemphani kuti mundionetse pasiwedi yaikulu ija?"

"Pasiwedi yaikulu si yoseweretsa. Munthu akalakwitsa kamodzi..."

"Ine ndimasunga mabuku zikwi zisanu ndi chimodzi, palibe limene ndinalidya. Nenani zoona. Mukuopa kuti mukachoka makompyutawa afa, kapena mukuopa kuti safa?"

Funsolo linawalasa. Anayang'ana pazenera, kumene aphunzitsi awiri ankadutsa, ndipo mmodzi anawakwezera dzanja. Pasukulu yonse panalibe munthu wosawadziwa. Ankati akalowa m'chipinda anthu n'kupuma, "Eya, afika." Miyendo inkawapweteka, inde, koma mawu amenewo ankawakoma kuposa mmene ankavomerera. Chida chija ankachifunadi, komanso kuchedwa kwake sikunkawasowetsa mtendere kwenikweni.

Anatsegula kabati, natulutsa kope latsopano ndi timapepala tomata.

"Muli ndi nthawi, achemwali?"

"Purintala yanga iyambe."

Anayenda masiku atatu, Lachisanu, Loweruka ndi Lolemba. A Chikubwera ankagwada n'kuwerenga nambala, mayiwo ankalemba n'kumata kapepala. Mayina akale sanawataye, anawalemba pambali pa manambala, chifukwa mayiwo anati munthu sachotsedwa dzina atakula. Pa Chidakwa analemba kuti chingwe cha magetsi n'cholobodoka, uzichikankha ndi chala. Mayiwo anaima, cholembera chili m'mwamba.

"Zaka zonsezi vuto lake ndi chingwe basi? Osangosintha bwanji?"

A Chikubwera anakanda kumutu. Anakatenga chingwe china m'kabati, ndipo Chidakwa anasiya mowa tsiku lomwelo.

Chovuta chinali Lolemba madzulo, anthu akuweruka. A Chikubwera analemba pasiwedi yaikulu pakapepala, anakapinda kanayi, n'kukagwirabe m'manja. Mayi a ku laibulale anatambasula dzanja.

"Mukailemba muziyang'ana kawiri," anatero bambowo. "Chilembo chachitatu n'chachikulu."

"Ndamva."

"Ndipo chikavuta chilichonse, ngakhale chaching'ono, muziimba. Foni yanga sindizimitsa."

"Ndamva, achimwene. Bweretsani."

Anapereka. Kenako anakwera kwa mkulu wa sukulu ndi fomu ya tchuthi, imene inali itapindika m'makona chifukwa chokhalitsa m'thumba. Mkuluyo anaisayina msanga ngati akuopa kuti mwiniwake asintha maganizo.

Lachitatu madzulo anali kwa mwana wawo pamodzi ndi akazi awo, pakati pa makatoni omangamanga. Mdzukulu anayamba wawayang'anitsitsa mlendoyo, kenako anawagwira magalasi n'kuwakokera kukamwa. A Chikubwera anasangalala mpaka misozi inalengeza, ndipo sanaibise. Anamunyamula kuzungulira nyumba, akumuonetsa zitseko ndi mazenera ngati ndi iwo eni nyumbayo.

Koma foni anaiika pafupi. Lachinayi sinalire. Lachisanu, tsiku loyamba la mayeso, anaiyang'ana m'mawa wonse, anaikweza mawu, anafunsa mkamwini ngati netiweki imavuta kuderalo. Mkamwini anati ayi, imagwira bwinobwino. Itakwana nthawi ya nkhomaliro analephera kupirira, anaimba okha.

"Achemwali, zikuyenda?"

"Zikuyenda."

"Gogo anadzuka?"

"Ndinamuyatsa msanga, monga tinalembera."

"Nanga Nkhutukumve?"

"Ndinamuuza kawiri. Achimwene, ndili ndi ophunzira pamzere. Mwana ali bwanji?"

"Ali bwino."

"Ndiye munyamuleni." Foni inadulidwa.

A Chikubwera anaiyang'ana kanthawi ili m'manja. Akazi awo, amene ankapinda zovala za mwana pambali, anaona nkhopeyo.

"Kwachitika zovuta kuntchito?"

"Ayi," anayankha motsitsa mawu. "Palibe chavuta ngakhale chimodzi."

"Pepani," anatero mayiwo, ndipo sanaseke.

Mwana analira m'chipinda. Mayi ake anali kubafa, agogo aakazi manja ali odzaza. A Chikubwera anasiya foni pa katoni n'kupita kukamutenga.