Chitsime Chakuseri ku Manja

Ine ndayenda, abale. Joni, Beira, Dar, Dubai kanayi. Ndinayamba ndi kathebulo ka mabawuti ku Limbe, lero malole anga asanu ndi awiri amadziwika mpaka kwathu ku Nsanje. Sipeya yabodza ndimaizindikira isanatuluke m'katoni.

Loweruka lina m'mawa ndinali pa puloti yathu yakale ku Manja. Lole ya dothi inali itaima kale, ndipo mmisiri wanga Sulemani ankangodikira mawu anga kuti akwirire chitsime chakuseri, timangepo galaja. Chitsimecho tinakumba ndi malemu mkazi wanga titangokwatirana, koma chibwerere mpope munkangogwera masamba a mapeyala.

Posakhalitsa mwana wanga Dailesi, amene amaphunzira za tizilombo ta m'madzi ku yunivesite, analowa pageti ali wefuwefu, atakumbatira bokosi.

"Adadi, musakwirire! Taonani kaye."

"Bwana, dzuwatu likukwera," anatero Sulemani. "Achemwaliwa akufuna tiziweta achule?"

Dailesi anatulutsa maikulosikopu, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, n'kuyiika pakhonde. Anadonthezera kadontho pagalasi.

"Awa ndi madzi a mu mtsinje wa ku Kanjedza. Suzumirani."

Ndinatsinzina diso limodzi. Mayo ine! Kanyama koonekera m'kati ngati botolo, tiubweya take tikuzungulira kumutu ngati fani ya injini. Kankadya, kosatekeseka ndi ine.

"Tsopano awa, a m'chitsime mwathu."

"Ndi komweko," ndinatero. "Mutu womwewo, mchira womwewo. Ine sindinamizidwa."

"Nanenso ndinkatero chaka chonse, adadi. Ngakhale aphunzitsi anga. Koma titayeza DNA, malangizo a chibadwa obisika m'thupi mwake, tapeza kuti ndi mitundu iwiri. Kunja n'tofanana, m'kati n'tosiyana kutalitali. Ka ku Kanjedza ndakapeza m'malo khumi ndi anayi. Aka ndafufuza ku Nkolokosa, ku Naperi, konse, kulibe. Ndakapeza muno mokha."

"Ndiye tunga chidebe chodzaza ukasunge kusukulu kwanuko."

"Ndinayesa. Timafa pakatha masiku asanu." Analoza lole ija. "Mukathira dothilo, mwina ndiye kuti tatheratu."

Ndinasuzumiranso, nthawi yaitali ndithu. Ndinafunitsitsa kupeza kusiyanako ndekha, ndinalephera. Nditadzutsa mutu ndinaona Dailesi atagwada pamphepete pa chitsime, akuchotsa masamba limodzilimodzi ndi dzanja. Pamalo pomwepo mayi ake ankamusambitsira m'beseni ali mwana, iye akulira kuti madzi akuzizira.

"Ndiye kamene kamakhala m'chitsime mwangamu sikapezeka ngakhale ku Dubai?"

"Kumeneko sindinafikeko, adadi," anaseka akupukuta m'maso. "Koma sindikukhulupirira kuti kaliko."

"Wamva, Sulemani? Ndani winanso mu Blantyre muno ali ndi nyama yakeyake?"

"Nanga dothili, bwana?"

"Kathire m'maenje a mumsewu umo, anthu a ku Manja atidalitse. Galaja tikamanga kutsogolo kwa nyumba, ichepe ichepe. Pano umange kampanda ka njerwa, kofika m'chiuno."

"Simenti isagwere m'madzi, a Sulemani, chonde," anatero Dailesi.

"Mwamva abwana atsopanowo," ndinatero.

Lole inabwerera chambuyo n'kutuluka pageti. Ine ndinavula jekete, ndinagwada pafupi ndi mwana wanga, n'kuyamba kuthandiza kuchotsa masamba.

"Pang'onopang'ono, adadi. Mukuvundula."